Diso la a Orest

Lesia anandiimbira foni Lachinayi m'mawa, ine ndili chigonere pansi pa thirakitala kufunafuna pamene pankadontha mafuta. Ndi mwana wa malemu mlongo wanga Stefa, amagwira ntchito ya unamwino ku Saskatoon, ndipo amalankhula ngati kuti pakhomo pali wodwala wina amene akumudikira. Moni wake unali wa mawu awiri. Anati akudziwa kuti Loweruka ine ndi bambo ake, alamu anga a Orest, tikupita ku Yorkton kumsika wa mfuti monga timachitira chaka chilichonse chipale chofewa cha nyengo yozizira chikayamba kusungunuka, ndiye amafuna kuti ndikawayang'anitsitse. Dokotala anali atamuuza kuti pakati pa maso a bambo akewo pakufa pang'onopang'ono. Eni ake ankakana kwamtuwagalu, ati vuto ndi magalasi otchipa.

"Amalume, inu sangakupusitseni, mumakhala nawo tsiku ndi tsiku," anatero. "Ngati sakuona mundiuze. Malo kunyumba ya okalamba ndawapezera kale kuno, akudikira yankho langa pofika Lachisanu la sabata yamawa."

Ndinamufunsa ngati kunyumba ya okalambayo amalola munthu kulowa ndi mphika wosungunulira mtovu. Sanaseke. Mwana ameneyu anatengera mayi ake, nthabwala amaimva koma amaisungira tsiku lina. Ndinavomera, nanga kukana ndikanayambira pati, koma nditaika foni m'thumba ndinatukwana thirakitala yosalakwa.

A Orest anali ndi zaka 78. Chimwalirireni Stefa ankakhala okha pafamu, kumpoto kwa Canora, ulendo wa mphindi khumi kuchokera kwanga. Minda anali ataisiyira anthu olima kanola, mbewu yoyengera mafuta, ng'ombe anagulitsa kalekale. Chimene chinkawadzutsa m'mawa ndi shedi ya kuseri kwa nyumba, mmene munali mphika wa mtovu, zikombole zokoloweka pamisomali ndi mfuti zakale za asilikali zoimikidwa m'kabati yachitsulo. Kuwachotsa pamenepo kunali kuwakwirira akupuma. Ine ndinkadziwa zimenezo, Lesia nayenso ankadziwa.

Ife zipolopolo timaumba tokha. Mtovu timatola kwa okonza matayala, tizidutswa tija amapanikiza kumikombero, n'kuusungunula, kuyengula zinyalala, kuthira m'chikombole, kupaka girisi, kenako kuika m'makoko amkuwa ndi onga pang'ono. Nyama sitisaka nazo. Timaboola mapepala pamtunda wa mayadi zana n'kumakangana mpaka khofi kuzizira. Anthu amatinena kuti ndife oumira, ndipo sanama kwenikweni. Koma mtovu ndi wofewa, sufuna nkhanza. Chipolopolo cha kusitolo, chovala mkuwa chija, chimadutsa mumpope wa mfuti uliwonse ngakhale wodyeka ndi dzimbiri. Cha mtovu chikakumana ndi timaenje chimasupuka, n'kusiya mnofu wake m'njira, n'kukafika pachandamale chopingasa ngati chidakwa polowa pakhomo. N'chifukwa chake nkhani yonse yagona posankha mfuti, ndipo pankhani yosankha mfuti, m'dera lonse lino munalibe diso loposa la a Orest.

Sindikunena izi mokondwa ayi. Munthu ameneyu anandinyoza zaka makumi anayi. Ndikangonyamula mfuti yathabwa lokongola ankati, "Alamu, inu mumasankha mfuti ngati mmene munasankhira mkazi wanu woyamba uja, kuona kunja." Mkazi woyambayo anathawa ndi wogulitsa inshuwalansi wa ku Regina. Iwo thabwa sankaliyang'ana n'komwe. Ankasolola chitsulo chotsekera kumbuyo, n'kuuza wogulitsa kuti ayambe wadutsitsa kansalu kouma mumpopemo, chifukwa mafuta amabisa timaenje. Akatero ankaika chikhadabo cha chala chachikulu kumbuyoko kuti chibweze kuwala, n'kusuzumira kukamwa kwa mpope. Masekondi asanu ankawakwanira. Pamsika anthu ankawaimira pamzere, aliyense ndi mfuti yake m'manja, ngati kwa sing'anga.

Zizindikiro ndinali nditaziona, kungoti ndinkayang'ana kumbali. Chaka chonse anali asanayendetse galimoto, ati yanga ndi imene imafunda bwino mkati. Kumalo owombera ankati phewa likuwawawa, ndiwombe ndine zipolopolo zawo iwo azimvetsera kalilidwe kake. Kutchalitchi anasiya kutsegula buku, ati nyimbo zonse anaziloweza ali mwana. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba chaka chathunthu, ine n'kumatseka makutu.

Loweruka tinafika ku Yorkton cha m'ma teni, matope ali thoo pamalo oimika magalimoto. M'holomo munkamveka fungo la mafuta a mfuti ndi la anyezi wokazinga, chifukwa amayi a kutchalitchi anali atayamba kale kugulitsa mapirogi, tizitumbuwa towiritsa toikamo mbatata mkati, ndi soseji ya adyo pakona. A Orest ankayenda pambuyo panga, pafupi kwambiri moti kawiri konse anandiponda chidendene. Ndinaona kuti munthu aliyense ankayamba amudikira alankhule, kenako n'kumutchula dzina mwamphamvu ngati kuti anamuonera kutali. Bambo wina wa ku Kamsack anabwera ndi mfuti yake kuti amuonere, iwo n'kumukankhira kwa ine.

"Lero ndapuma pantchito. Apatseni alamu angawa, aphunzireko kanthu asanafe."

Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo.

Tebulo la Lorne Dueck linali kumapeto, pafupi ndi khomo lotulukira. Lorne anapuma ntchito ya njanji ku Melville, munthu wachete, wosadziwa kunama ngakhale pogulitsa. Anali atayala mfuti zisanu ndi imodzi za mtundu wa Enfield, zija anasiya asilikali a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. A Orest anali akhala akufunafuna imodzi yopangidwa m'dziko mwathu muno, ku Ontario, ya mizere iwiri yokha mumpope, ati zimenezo zimakonda mtovu kuposa za mizere isanu. Anayendetsa manja pa mfuti zonse zija, imodziimodzi, zala zikupapasa zilembo zodindidwa pachitsulo, mpaka anaima pa yachinayi. Anafunsa Lorne ngati inali ya mizere iwiri, iye anati inde. Chotsekera anachisolola osayang'ana, monga mwa masiku onse.

Kansalu kouma sanakaitanitse. Chimenecho ndicho chinayamba kundibaya. Anaika chikhadabo kumbuyo, kukweza mfuti kuloza kumagetsi a kudenga, n'kusuzumira. Masekondi asanu anadutsa, khumi anadutsa. Anapendeketsa mutu ngati nkhuku yoyang'ana kabawi, kuyesa diso lamanja, kuyesa lamanzere, kubwereranso kulamanja. Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi anali ataima kudikira chigamulo, chifukwa a Orest akasuzumira mumpope anthu ankasiya zochita zawo.

"Galasi lenileni," anatero potsiriza, akundipatsira mfutiyo. "Alamu, taonani, mungathe kumeterapo ndevu zanu zonyansazo."

Ndinasuzumira. Wina anali atathiramo mafuta ambiri moti m'mphepete munkanyezimira, koma ngakhale ine, wosankha poona kunja, ndinaona zonse. Munali mdima, timaenje kuyambira kukamwa mpaka kumbuyo, mizere iwiri ija ikungooneka mwa apo ndi apo. Zipolopolo za nthawi ya nkhondo zinkasiya mchere mumpope, ndipo ukapanda kutsuka ndi madzi otentha tsiku lomwelo chitsulo chimadyeka. Mwini wake wa mfuti imeneyi, kaya anali ndani, madzi otentha ankangowadziwa pa tiyi.

Lorne anatsokomola. "A Orest, imeneyotu ndangoibweretsera wofuna kuchotsako zitsulo, mkatimo..."

Ndinamuponda phazi pansi pa tebulo, kuponda kwenikweni, ndi nsapato ya matope. Anandiyang'ana, anayang'ana a Orest, kenako ndinaona nkhope yake ikugwa atamvetsa. Anatseka pakamwa.

"Yoyera ndithu," ndinatero ine, mokweza kuti onse amve. "Mwaiwinanso, nkhalamba inu."

Chimene chinandichititsa ndikuchidziwa. Sindinafune kuti munthu amene anthu ankamuimira pamzere agwe pamaso pa anthu omwewo, pakati pa fungo la anyezi. Komanso ndinadziwa kuti ndikangonena kuti mumpopemo ndi moipa, ndiye kuti ndayankha funso la Lesia, ndipo shedi ija itsekedwa. Lorne analemba za ziphaso zogulira mfutiyo. Pamtengo sanakangane n'komwe, anangotchula kochepa kwambiri, a Orest n'kumamuseka kuti ukalamba wamufewetsa mtima.

Pobwerera anali munthu wina. Anadya mapirogi khumi ndi awiri m'galimoto, mafuta akudonthera pajekete, akulongosola chikombole chimene adzagwiritse ntchito ndi mmene adzandichititsire manyazi pampikisano wa mu Juni. Titadutsa mlatho anayamba kuimba kanyimbo kamene Stefa ankakonda pokanda ufa. Chimwalirireni mlongo wanga ndinali ndisanawamve akuimba kunja kwa tchalitchi. Ndinadziuza kuti ndachita bwino, ndipo kwa ola limodzi ndinakhulupirira.

Lesia anaimba foni dzuwa lisanalowe. Ndinamuuza kuti bambo ake asankha mfuti yabwino pakati pa zisanu ndi imodzi, anthu akuonerera, ndipo kuti dokotala wakeyo akayezetse maso ake omwe. Ndinamva akufwenthera.

"Zikomo amalume. Simukudziwa mmene zimandipwetekera kuganiza zowachotsa pamenepo. Malo aja ndiwauza apatse wina."

Nditaika foni ndinakhala pakhonde nthawi yaitali, manyazi atandigwira ngati malungo. Mwana wa mlongo wanga anali atandikhulupirira, ine n'kumudyetsa bodza, iye n'kundithokoza.

Nzeru imene ndinapangana ndi mutu wanga inali yopusa, ndikuvomera. Ndinati ndifunefune mpope wina wabwino, ndibwereke mfutiyo ponamizira kuti ndikufuna kukonza thabwa, ndikausinthitse mwakachetechete kwa mmisiri wa ku Preeceville. Koma a Orest sanali munthu wogoneka mfuti yatsopano sabata yathunthu. Lolemba m'mawa nditawaimbira foni, anati ndibwere tidzaiyeze mpope.

Mfuti zakalezi iliyonse ili ndi kukula kwakekwake mkati, ngakhale zitatuluka m'fakitale imodzi tsiku limodzi. Ndiye usanaumbe chipolopolo umayamba wayeza. Umatenga kamtovu kofewa kaja asodzi amamangirira pachingwe cha mbedza, kukapaka girisi, kukakhomera kukamwa kwa mpope ndi nyundo yathabwa, n'kukakankha ndi ndodo yamkuwa mpaka katulukire kumbuyo. Kamatuluka katatenga maonekedwe onse a mkatimo, ndipo umakayeza n'kudziwa chikombole choyenera. Ntchito imeneyi tinaichitira limodzi kosawerengeka, ndipo panjira yonse ndinkapemphera kuti anditume ndikankhe ndine.

Ndinawapeza atayatsa kale mbaula, mfuti ataipana patebulo ndi zikopa ziwiri kuti isakandike. Ndinati phewa lawo lija lisavutike, ndikankha ndine. Anandiyankha kuti tsiku limene adzandipatse ndodo yamkuwa ndi tsiku limene adzandipatsenso mano awo oikirira. Anakhoma kamtovu kaja, kogo, kogo, kanalowa. Anagwira ndodo ndi manja awiri n'kuyamba kukankha.

Mumpope wabwino mtovu umayenda mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mkono umangomva kulemera kumodzi. Uwu unayenda pang'ono n'kukakamira. Anakankha mwamphamvu, unadumpha, n'kukakamiranso. Phokoso lake ndinkalimva ndili chiimire pakhomo, khwee, khwee, ngati munthu akukoka fosholo pamiyala. Chapakati ndodo inangolowa yokha mpata wa chikhato chathunthu, popanda chogwira. A Orest anaima. Anamalizitsa pang'onopang'ono mpaka kamtovu kanagwera pakansanza kamene anayala kumbuyo.

Anakatola n'kukagubuduza pakati pa zala. Chipangizo choyezera chinali pomwepo patebulo koma sanachikhudze. Anayendetsa chikhadabo m'mbali mwa kamtovuko, kamene kanayenera kukhala kosalala ndi mizere iwiri yooneka bwino, koma kanali kokalikakalika ngati kakukutidwa ndi khoswe. Kenako anatenga kansalu kouma, kaja sanakaitanitse ku Yorkton, n'kukadutsitsa mumpope. Kanatuluka kothothoka ulusi. Anakatambasula pachikhato n'kundilozetsa.

"Kali ndi mtundu wanji?"

"Kofiirira," ndinatero. "Dzimbiri."

Anagwedeza mutu, nakhala pansi pa mpando wawo wopanda chotsamira. Mbaula inkathetheka. Kunja madzi a chipale ankadontha kuchokera padenga.

"Alamu, paja munasuzumira inu Loweruka."

"Ndinasuzumira."

"Munaona chiyani?"

"Paipi ya kuchimbudzi."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mawu. Ndinkayembekeza kuti andilalatira, ndipo ndikanakonda akanatero, chifukwa kukangana ndi a Orest ndinkakudziwa. M'malo mwake anandiuza, mwa mawu wamba ngati akunena za nyengo, kuti chilichonse chimene ayang'ana pakati pake pamakhala banga ngati wina wadindapo chala chamafuta. M'mbali amaona, pakati ayi. Ndipo mpope wa mfuti ndi pakati pokhapokha. Loweruka lija anaona kuwala kozungulira bangalo, n'kuganiza kuti mwina Mulungu wawakomera mtima kamodzi kotsiriza. Atandipatsira mfuti ija sankadzionetsera, ankafunsa. Analibe njira ina yofunsira pamaso pa anthu.

Mawu amenewo anandilasa kuposa kutukwana kulikonse. Munthu anandipatsa mfuti kuti ndimubwereke maso, ine n'kumubwezera bodza.

"Ndimafuna kukutetezani," ndinatero. "Lesia wakupezerani malo ku Saskatoon. Anandituma kuti ndikuoneni. Ndamuuza kuti muli bwino."

"Ndikudziwa za malowo, mwana wanga akabwera kuno sadziwa kunong'ona pafoni." Anapukuta zala pathalauza. "Wakutsina khutu ndi mnansi, alamu. Inu mwandisisita."

Ndinayamba kulongosola za mmisiri wa ku Preeceville, kuti mpope tisintha, kuti ine ndizibwera tsiku lililonse, kuti palibe chifukwa choti wina aliyense adziwe. Anandidula ndi dzanja. Anandiuza kuti nditsegule kabati yapansi. Munali mabokosi asanu ndi atatu a zipolopolo zothira kale onga, zimene anapanga okha m'nyengo yozizira yonseyi, zondikonzera ine kuti ndidzawombe m'chilimwe.

Apa ndi pamene ndinazindikira ngozi yake. Ife a mtovu timathira onga wochepa kwambiri, wamphamvu, moti m'khoko limodzi mungalowe miyezo iwiri popanda kusefukira. Ukathira kawiri mosadziwa, mfuti imakuphulikira kumaso. N'chifukwa chake lamulo loyamba, limene a Orest eni ake anandiphunzitsa ndi makofi a pakamwa, ndi lakuti usanatseke khoko lililonse uyambe wasuzumiramo ndi tochi. Chaka chonse ndinakhala ndikuwomba zipolopolo zawo, tsaya langa litagona pathabwa, osadzifunsa kuti akusuzumiramo ndi maso ati.

"Wosaona mumpope saonanso m'khoko," anatero. "Ndinkawerenga ndi pakamwa, kuthira kamodzi n'kusuntha, kuthira kamodzi n'kusuntha. Koma foni ikalira pakati? Sindingalumbire. Ine ndi amene ndinayamba kukunamizani, alamu, ndipo bodza langa likanakuchotsani mutu. Ndikanakamuuza chiyani Stefa?"

Anati nditenge mabokosi onse ndikamasule chipolopolo chimodzichimodzi, onga ndikamwaze m'dimba, ndisayerekeze kuwombako ngakhale chimodzi. Makiyi a kabati ya mfuti anawachotsa pa lamba n'kuwaika patebulo. Mphika ndi zikombole anati ndidzatenge Lachitatu ndi galimoto yaikulu. Mfuti ya Lorne yokha anati ikhale pomwepo, ndipo ndikamuuze Lorne kuti asadzimvere chisoni. Zonsezi ankazinena ali tsonga, ine ndi amene ndinkalira, nkhalamba ya zaka 71, mamina ali chuchuchu ngati mwana.

"Pukutani mphunozo, mukunyansa," anatero. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa foni, kuitembenuza kawiri m'manja, n'kundipatsira. "Ndiimbireni mwana wanga. Manambalawa ndinasiya kuwaona chaka chatha."

Ndinaimba, n'kuwabwezera itayamba kulira. Ndinanyamula mabokosi anayi kupita nawo kugalimoto kuti ndiwapatse mpata, koma khomo la shedi silitsekeka bwino, ndipo pobwerera kudzatenga otsalawo ndinamva zonse. Anamuuza kuti malo aja asapatse wina. Anamuuza kuti asawakwiyire amalume ake, ndi munthu wabwino, kungoti mutu ndi umene unachepa. Kenako anamvetsera mwana wawo akulira ku Saskatoon.

"Basi, basi, mama, tonthola," anatero. "Tandiuza, chipindacho chili ndi windo loyang'ana kuti?"

Lesia asanayankhe, anadzidula okha.

"Iyayi, zisiye. Usavutike nazo za windozo."